Bambo, Munapopera Tsiku Liti?

Moatize,
Lachinayi, 14 Novembro 2019

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi amayi ndi onse a pakhomo. Mwadzuka bwanji lero? M'kamwa mukumva bwanji, nanga phala mwatha kumeza? Sindikufunsa mwamwambo chabe ayi. Ndikufunadi kudziwa, ndipo mukafika kumapeto kwa kalatayi muona chifukwa chake.

Kuno tadzuka. Kukutentha koti nsapato imamata pa phula, ndipo mvula imangounjikana kumtunda kwanuko osatsika. Fumbi la ku Chipanga nalo silipuma, zovala ukayanika zoyera umakazanula zotuwa. Akamwini anu a Silvino sabata ino akuyendetsa galimoto la malasha masana, akubwera maso ali psuu. Mdzukulu wanu Mércia wayamba mayeso ku sikola. Denilson chifuwa chija chachepa. Madzi pa mpopi akutuluka tsiku lachitatu lililonse, koma tazolowera.

Kalatayi ndikulemba m'mamawa uno, ndipo ndiipereka kwa a Lázaro, oyendetsa minibasi ya shapa aja amene anabweretsa mabotolo anu dzulo. Muiwerenge nokha, Bambo, mutakhala pansi, musanaipereke kwa wina aliyense. Ndakulitsa dala zilembo kuti maso asakuvuteni.

Dzulo madzulo pa telefoni sindinakuuzeni zonse. Munafunsa kuti timabotolo tanga tanena chiyani, ine ndinayankha kuti mtundu watuluka wotumbuluka. Ndisanapitirize, inu munati basi nkhani yatha, n'kuuza mlongo wanga Ivo kuti atulutse mbewu. Munati nkhondo inakulepherani, munayenda wapansi mpaka ku Malawi ine ndili kumsana, ndiye timadzi tophera udzu sitingakuchiteni kanthu. Munanditchulanso dzina munandipatsa ndili mwana lija la Nankhawa. Ivo anali atakweza mawu a telefoni, ndipo ndinamva amayi, alamu anga a Noémia ndi alendo ena akuseka. Ndikanakutsutsani bwanji pamaso pa mpongozi wanu ndi alendo? Ndinangoti chabwino Bambo. Telefoni itaduka ndinakhala pa sitepe ya khonde la chipatala.

Nkhaniyi sinathe. Mundilole ndikufotokozereni pang'onopang'ono zimene ndinachita ndi zimene ndinaona. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala mu labolatoliyo muno, inu mumangonditcha dotolo wa mikodzo, ndipo sindinayesepo kukuuzani kuti ntchitoyi imayenda bwanji. Mundikhululukirenso kuti ine mwana wamkazi nditchula za m'thupi mwanu. Ndikudziwa kuti si khalidwe, koma palibe wina angakulembereni zimenezi.

Lachiwiri Ivo anandiuza ngati nkhani yoseketsa kuti kansonga ka bomba lopopera mankhwala kanatsekeka mukupopera munda wa kumtunda, inu n'kukamasula, kukauzira ndi pakamwa monga mumachitira nthawi zonse, mankhwala otsalira mu paipi n'kukuthirani m'kamwa. Anati munalavula, munachukucha ndi madzi, amayi anakupatsani mkaka ndi dzira laliwisi, ndipo chotsala ndi tizilonda pa lilime basi. N'chifukwa chake ndinapempha kuti munditumizire mankhwalawo pang'ono pamodzi ndi mkodzo wanu wa m'mawa.

Ndinayamba ndi mankhwala. Anabwera m'botolo la zakumwa lopanda chizindikiro, monga munawagulira pa msika. Wogulitsa anakuuzani kuti ndi aja amapha udzu pang'onopang'ono, pakatha sabata kapena ziwiri. Koma inu nomwe munanyadira kuti tsiku lotsatira udzu wonse unali utapsa ngati wadutsa moto. Ndinatenga dontho limodzi, kulisungunula m'madzi ambiri, n'kuthira zoyesera zathu. Madziwo anada ngati inki ndisanaike ngakhale supuni pansi. Mankhwalawo ndi parakwati, Bambo. Mwa mankhwala onse opha udzu, amenewa ndi amene ife a kuchipatala timawaopa kwambiri.

Kuyesako sikovuta. Tili ndi ufa woyera wotchedwa ditionito, wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo timauthira pamodzi ndi soda wonga uja amayi amathira m'therere. Ngati m'madzi muli parakwati, madziwo amasanduka mtundu wa thambo, umene kuno timati azulu. Akakhala ochepa mtundu umatumbuluka, akachuluka umada. Vuto la ufawu n'lakuti ukapuma mpweya kapena chinyezi umafa, koma maonekedwe ake osasintha. Munthu wosasamala angathe kuuza wodwala kuti alibe kanthu pamene ufa ndi umene wafa. Ine chimenechi chimandiopsa kuposa china chilichonse pa ntchito yanga, choncho ndinatsegula kabotolo katsopano kosamatulidwa.

Ndinaika timabotolo titatu pa tebulo. M'koyamba munali mkodzo wa munthu amene sanakhudzepo mankhwalawa, ndipo munthuyo ndine. M'kachiwiri munali womwewo, koma nditadonthezamo dala parakwati pang'ono, kuti ndione ngati ufa uli ndi moyo. M'kachitatu munali wanu. Koyamba sikanasinthe. Kachiwiri kanasanduka azulu monga kayenera. Ndinachedwa kuthira kachitatu. A Arnaldo, amene ndimagwira nawo ntchito, anaona kuti ndikuzengereza, ndipo anati ndiwapatse supuni athire iwo, wachibale sameta mutu wa mwana wake wodwala. Ndinakana. Ndinathira ndekha, ndi kunyamula kabotoloko pa windo kumbuyo kwake nditaika pepala loyera.

Mtundu unabwera, Bambo. Wotumbuluka, ngati thambo la m'mawa dzuwa lisanatuluke, koma unabwera. Ndinabwereza katatu, ndipo katatu konse unabwera.

Maso amanyenga, makamaka a munthu amene akufuna kuona zabwino. Choncho ndinakonza timabotolo tina tisanu tokhala ndi muyeso wodziwika wa mankhwalawa, kuyambira wochepetsetsa mpaka wochuluka, n'kutiika kamodzikamodzi m'makina athu amene amaomba kuwala kudutsa m'madzi ndi kuwerenga kuti kwatsala kochuluka bwanji. Kenako ndinaikamo kanu. Chiwerengero chimene chinatuluka ndi chaching'ono. Chili ngati mchere wotsina ndi zala ziwiri womwazidwa mu mgolo wathunthu wa madzi. A Arnaldo anayesa paokha osaona changa, ndipo tinagwirizana. Apa ndi pamene ndinakuimbirani, n'kuyamba ndi mawu olakwika aja.

Chiwerengero chimenechi sindikuchikhulupirira, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri.

Ndinapempha botolo la pulasitiki. Amayi anaona kuti pulasitiki si chinthu chotumiza ku chipatala, anatenga kabotolo kagalasi ka mankhwala a chifuwa, kukatsuka ndi phulusa, kukawiritsa, n'kukakulunga m'kansalu koyera. Nditamasula ndinatsala pang'ono kulira, chifukwa ndinaona chikondi chawo chonse m'kansalumo. Musawakalipire, ndipo ngati n'kotheka musawauze n'komwe. Wolakwa ndine, sindinawafotokozere chifukwa chake. Parakwati ali ndi khalidwe lomata. Akagwera pa dothi amamata pomwepo, n'chifukwa chake mumatha kubzala pambuyo pake mbewu osafa. Ku galasi amamatanso. Botololo linayenda maola angapo pa shapa likukhutchumuka padzuwa. Sindikudziwa kuti ndi ochuluka bwanji amene anatsalira m'mbali mwa galasi osafika m'makina anga. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'thupi mwanu munali ochuluka kuposa amene ndawerenga, osati ochepa.

Chifukwa chachiwiri ndi chachikulu. Chiwerengero pachokha sichinena kanthu ngati sitikudziwa kuti papita maola angati chimezereni mankhwalawo. Impso zimawatulutsa mwachangu tsiku loyamba, kenako amanka nachepa. Mtundu wotumbuluka pakangopita maola anayi ndi nkhani yabwino. Mtundu womwewo pakapita masiku awiri ukutanthauza kuti poyamba unali wakuda kuposa pamenepa. Pakapita masiku atatu, wakudanso kwambiri. Zili ngati kupeza mtsinje uli m'mawondo. Ngati mvula yagwa lero, ndiye inali yaing'ono. Ngati inagwa masiku atatu apitawo madzi n'kukhala adakali m'mawondo, ndiye kuti kunadutsa chigumula. Adotolo ali ndi pepala la mizere, mbali ina maola, mbali ina muyeso wa m'magazi, ndipo amaika kadontho pamene ziwirizi zakumana. Kadonthoko ndi kamene kamawauza kuti wodwala amuteteze bwanji. Mukawapatsa ola lolakwika, kadontho kamagwera pamalo olakwika, iwo n'kukutumizani kunyumba mukufunika kugonekedwa.

Mwina mukuti mukumva bwino, ndipo ndikukhulupirirani. Chaka chatha tinalandira bambo wina wa ku Cateme, wamphamvu, wocheperapo kwa inu. Mwana wake wamkulu anati anangomwa kamodzi, poyesa kuti m'botolo muli chakumwa. Mkodzo wake ndinayesa ndine. Tsiku lachinayi anadzuka, anadya, anayamba kuseka ndi anamwino, akuti timutulutse akaone mbuzi zake. Tsiku lachisanu ndi chinayi anayamba kupuma ngati wakwera phiri ali chigonere pa bedi. Mankhwalawa amachoka m'magazi n'kukabisala m'mapapo, ndipo amawaumitsa mwakachetechete munthu akuyenda. Sindikuuzani mmene anathera. Mkazi wake ndimakumana naye pa msika nthawi zina, amandipatsa moni mwaulemu, ine ndimasowa poyang'ana. Akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Sindikunena kuti inunso zitero. Wake uja mtundu unali wakuda, ndipo anameza kukamwa kodzaza. Mayi wina wa ku Mualadze amene analavula msanga ngati inu tinamusunga masabata awiri, impso zake zinafooka n'kudzukanso, lero akulima. Ambiri olavula amapulumuka. Koma sindingadziwe kuti inu muli mbali iti ndisanaone magazi anu ndi kumva ola lenileni.

Tsono apa pali mawu ovuta, ndipo ndalemba ndi kufufuta kangapo pa pepala lina ndisanawalembe pano.

Munandiuza kuti munapopera Lolemba m'mawa. Nditaika telefoni pansi ndinayamba kulumikiza zimene ndamva. A Lázaro popereka mabotolo anadandaula kuti Lolemba kwanu ku Zóbuè mvula inayamba mbandakucha n'kukata masana, mpaka shapa yawo inatitimira potulukira pa msika. Inu simungapopere pa mvula, munatiphunzitsa nokha kuti kumeneko n'kutaya mankhwala. Ivo anati Lolemba masana munakana ndiwo za mchere chifukwa cha zilonda, pamene zilonda za mankhwalawa kawirikawiri zimadikira tsiku kapena awiri zisanaoneke. Loweruka munali ku maliro a kwa azakhali tsiku lonse, amayi anandiuza. Tsiku louma, lopanda mphepo, limene latsala pakatipa ndi limodzi lokha.

Ndikuganiza kuti munapopera Lamulungu, Bambo. Mwina m'mamawa mapemphero asanayambe, mwina mutaweruka. Munaona mitambo, munadziwa kuti mukadikira mvula ikutsekerezani, ndipo munda wa kumtunda uli kuseri kwa phiri kumene sikudutsa anthu.

Ndinu mkulu wa mpingo zaka zoposa makumi awiri. Ndikukumbuka mmene munabwezera anthu pa njira atanyamula makasu tsiku la Sabata, ndi mmene munandiletsera ine kuchapa yunifolomu ya sikola tsikulo ngakhale inali imodzi yokha. Ndikumvetsa chifukwa chimene inu ndi amayi munagwirizana kunena kuti Lolemba, ndipo mwina Ivo nayenso sakudziwa. Ine sindine bwalo la mpingo. Za Sabata mudzakambirana ndi Mwini wake, amene anafunsa yekha kuti ndani angasiye ng'ombe yake m'chitsime chifukwa cha tsikulo. Ine ndikufuna maola okha. Ngati linali Lamulungu, ndiye kuti mkodzo umene ndinayesa unali wa tsiku lachitatu, osati lachiwiri, ndipo mantha anga akula ndi tsiku lathunthu. Ngati ndalakwitsa, mudzandidzudzule mmene mungafunire, ndidzagwada ndi kupepesa mokondwa.

Sindikunamizani kuti kuno kuli mankhwala ochotsa parakwati m'thupi. Kulibe, ngakhale ku Maputo. Koma pali zambiri zimene tingachite. Magazi anu tikawatenga lero, lero lomwe tidziwa ngati impso zikugwira bwino, pakuti zikafooka mankhwala otsala amachedwa kutuluka n'kupitirira kulowa m'mapapo. Zikatero timathandiza ndi madzi a m'mitsempha. Tijambula chifuwa lero, n'kujambulanso pakapita masiku, kuti tione kusintha kusanamveke m'kapumidwe. Adotolo alinso ndi mankhwala amene amayesa nawo kuziziritsa mapapo ngati aona kuti n'koyenera, ndipo amenewo amafuna kuyamba msanga. Gawo lina la magazi ndiliumitsa mu fulizi, m'kabotolo ka pulasitiki, lipite kumene kuli makina aakulu otha kupeza ngakhale kachepetsetsa kamene athu sangaone. Ndalankhula kale ndi adotolo, ndipo bedi akusungirani. Zokutengani magazi ndi zina zonse achita ndi a Arnaldo, munthu wamwamuna, wachikulire. Ine sindilowamo m'chipindamo ngati simukufuna.

Pempho langa ndi limodzi. Mukwere shapa ya a Lázaro pobwerera lero lino masana, ndipo mubwere ndi ola lenileni. Ngati kulitchula ndi pakamwa kukuvutani, lembani tsiku ndi nthawi kuseri kwa pepala lino, mulipinde kanayi, mudzandipatse m'manja. Ndidzauza adotolo chiwerengero cha maola chokha, dzina la tsiku silidzatuluka pakamwa panga, ngakhale kwa a Silvino. Mulembenso ngati munamva kuti ena anatsika kukhosi, ndi ochuluka bwanji, kaya ndi dontho, kaya supuni. Musachepetse kuti mundisangalatse.

Botolo lonse la mankhwalawo libwere, lomangidwa m'mapepala awiri a pulasitiki, lisakhale m'thumba limodzi ndi chakudya. Bomba asalikhudze munthu mpaka ndidzanene katsukidwe kake. Muzimwa madzi ambiri panjira. Ngati mwatopa kapena kubanika musanafike n'kuima pa chipatala china, muonetse kapepala kachipwitikizi kamene ndaikamo mu envulopu muno. Kakunena dzina la mankhwala, ndiponso kuti asafulumire kukuikani pa mpweya wa okosijeni, chifukwa kwa munthu amene wameza parakwati mpweya umenewo umakolezera moto m'mapapo m'malo mouzimitsa. Namwino wosadziwa chimene mwameza angakuikeni ndi mtima wabwino.

Za munda musade nkhawa. Ndikudziwa kuti chibwerereni kuchokera ku Malawi simunalolepo munthu wina kuponya mbewu yoyamba m'munda umenewo. Chaka chino Ivo aponye. Ndi bambo wa ana atatu, mizere amaidziwa, munamuphunzitsa ndinu. A Silvino akupuma Loweruka, ndipo avomera kukwera kumeneko kukathandiza, ngakhale ati manja awo anazolowera chiwongolero ndipo mudzawaseka mukadzaona mizere yawo.

Ine ndiima pamene shapa zimatsitsira anthu kuyambira ola lachiwiri masana. A Lázaro akafika inu mulibemo, ndikwera shapa yomweyo ndi singano zanga ndi timabotolo. Ndikafika sindidzalowa m'nyumba. Ndidzagwada pabwalo, ndipo funso limene ndakufunsani mobisa m'kalata muno ndidzalifunsa mokweza, amve amene amve. Mukundidziwa kuti ndine wamantha. Koma kuli bwino mundikwiyire zaka khumi muli moyo. Chonde, Bambo, musandifikitse pamenepo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mbatata anatumiza zija zafika bwino ndipo ana akondwa. Abwere nanu ngati angathe, malo ogona alipo, atenge ndi chofunda chopepuka chifukwa kuno kulibe kuzizira kwa kwanuko. Moni kwa mlongo wanga Ivo ndi alamu a Noémia pamodzi ndi ana, kwa azakhali a Antónia amene ndikuwapepesabe chifukwa cholephera kufika pa maliro, ndi kwa amalume kutsidya kwa mtsinje. A Silvino akupereka moni waulemu kwa apongozi awo. Adzukulu anu ndangowauza kuti agogo akubwera lero, ndipo Mércia wasesa kale chipinda.

Mulungu akusungeni panjira yonse, kuyambira pakhomo mpaka m'manja mwanga.

Ndine mwana wanu woyamba,
Isménia